Mzungu Savula Nsapato

Amene anapha a Paki sanawamenye kamodzi. Sajeni Kalimu anawerenga mabala anayi kumbuyo kwa mutu, ndipo lachinayilo linali la munthu womenya mtembo. Chida chake chinali pomwepo: mwala wakuda wosalala ngati mphero yaing'ono, umene mkuluyo ankaperapo inki m'mawa uliwonse. Inki ndi magazi zinali zitasakanikirana pamatabwa apansi, ndipo ntchentche zinali zitamva kale uthenga.

Anthu a ku Nyambadwe ankawatchula a Paki kuti Mchaina, ndipo palibe chimene chinkawapsetsa mtima kuposa chimenecho. Kwawo kunali ku Koreya, dziko limene Ajapani anali atalimeza zaka zitatu m'mbuyomo. Anabwera ku Blantyre m'chaka chimene sitima inayamba kufika, atatengedwa ndi mzungu wina, Dokotala Stafford, amene anakhalako ku Koreyako zaka makumi awiri. Awiriwa ankalemba buku lalikulu la mawu, nyimbo zakale ndi mbiri ya mafumu a dzikolo. Kalimu sankamvetsa chifukwa chake munthu angawoloke nyanja kudzalembera za kwawo m'dziko la eni, koma ntchito yake sinali yomvetsa zimenezo.

Bwana Bennet, mzungu wa ku Boma amene ndevu zinali zisanamukhulupirire n'komwe, analowa ndi majombo ake amatope, mpango uli kumphuno. Analoza pansi ndi ndodo.

"Ona, Kalimu. Phazi. Palibe nsapato. Munthu wakuda."

"Inenso ndilibe nsapato, bwana."

"Iwe osaseka. Mzungu savula nsapato. Kalaliki uja Ackim amalowa muno tsiku lonse, malaya ake magazi. Tagwira kale. Lachisanu jaji, kenako chingwe."

Kalimu anagwada. Iye anakulira kutsata mapazi a nguluwe ndi a anthu othawa, ndipo phazi ankaliwerenga bwino kuposa mmene bwanayo ankawerengera nyuzipepala. Phazi limeneli linali lakumanzere, lalitali, lowonda. Zala zinali zopanikizana ngati nthochi zanthete paphava, chachikulu chitapindikira kwa zinzake. Pakati pa phazi sipanagunde pansi. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi kuchidendene. Pafupi pake panali zibenthu za kabotolo kobiriwira kamene a Paki ankathiriramo madzi a inki, ndipo kuchokera pa zibenthuzo mpaka pakhomo, chidendene chinkasiya dontho lakelake la magazi.

Phazi limeneli linali lisanapondepo minga chibadwire.

* * *

Kukuwa anakumva asanalowe n'komwe mumpanda wa Boma.

Anakankha chitseko cha chitokosi n'kupeza Kopolo Peterson atatsamira ndi thupi lonse pa thendere la mfuti, ndipo pansi pa thenderelo panali dzanja lamanja la Ackim. Asilikali awiri anali atamugwira mapewa. Msana unali utang'ambika kale ndi chikoti, malaya oyera aja atamatirira m'mabala.

"Musiye!"

"A bwana ati avomere," anatero Peterson, osadzutsa mutu. Panamveka kuthyoka, ngati kwa phesi louma.

Kalimu anamumenya chibakera cha pakhosi, ndipo kopoloyo anakagwera pa ndowa ya mikodzo. Enawo anatuluka osauzidwa. Koma zinali zitachedwa, pakuti zala zitatu zinali zitaloza kumene zala siziloza.

Ackim anali mnyamata wa ku mishoni, wa Chinyanja chowongoka ngati cha m'buku la nyimbo. Ngakhale pamene magazi ankatuluka m'kamwa, mawu ake sanataye ulemu.

"A Sajeni, ine sindinawaphe. Anali ngati atate anga. Zaka zisanu ndakhala ndikuwakoperera mapepala. Anandiphunzitsa zilembo za kwawo, za timizere ndi timaso, zimene amati mfumu yawo ina inakonza kuti ngakhale mlimi azitha kuwerenga."

"Dzulo masana unali kuti?"

"Anandituma ku Limbe kukagula mapepala kwa Mmwenye. Mvula inandipeza panjira, ndinausa pansi pa mkuyu. Palibe anandiona. Nditabwerera ndinawapeza ali chafufumimba, ndinawanyamula mutu, n'chifukwa chake magaziwa."

"Tandionetsa phazi."

Linali phazi la kwathu kuno, lotambalala ngati khasu, ming'alu yolowa khobidi, ndipo chala chaching'ono panalibe. Matekenya anachidya ali mwana.

"Phazi la m'magazi lija lili ndi zala zisanu," anatero Kalimu.

"Ndinawauza a bwana. Anati magazi amanama."

Kalimu analavula. Anang'amba nsalu ya nduwira yake n'kuyamba kumanga dzanja lija, uku akufunsa ngati panasowa kanthu m'chipindamo.

"Mabuku asanu ndi anayi osokedwa ndi ulusi wofiira. Ndiyo ntchito yonse, yolembedwa ndi dzanja lawo. Ankakhala m'bokosi la pansi pa zenera, ndipo bokosilo ndinalipeza lili pululu." Ackim anapuma movutikira. "Sabata yatha kunabwera kalata yochokera ku sukulu yaikulu ya ku Ulaya. Munali tsamba loyamba la bukulo, losindikizidwa kale kuti aone mmene lidzaonekere. A Paki analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa kuti ndiwawerengere, poganiza kuti mwina maso awo akuwanamiza."

"Panalembedwa chiyani?"

"Dzina limodzi lokha, a Sajeni. Ndipo silinali lawo."

* * *

Binti Abdala, amene ankaphikira a Paki, anali kuseri kwa nyumba akupeta mpunga umene panalibe woudya. Ataona yunifolomu anapeta mwamphamvu kwambiri.

"Ine, Che Kalimu, sindinaone kanthu. Maso anga ndi a mpunga ndi miyala basi."

"Nanga makutu?"

"Makutu anali ndi mvula. Simunaimve mvula ya dzulo? Pamalata apa ngakhale mutawombera mfuti."

Kalimu anakhala pamtondo n'kudikira. Anadziwa kuti mayi amene waphikira munthu zaka zisanu sangasunge mawu m'mimba mpaka dzuwa kulowa. Sipanapite nthawi lichero linaima.

"Munthu uja anali ndi mwambo, inu. M'chipinda chake simulowa nsapato, ngati kumzikiti kwenikweni. Amati kwawo pansi ndi pogona, ndi podyera, ndi polembera, ndiye ungapondepo bwanji ndi zonyansa za mumsewu? Tsiku lina kunabwera abusa achizungu, anakana kuvula, ndipo anacheza nawo ali panja ngati wogulitsa nkhuku. Ine ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka." Anapukuta maso ndi mpango. "Tsopano ndiphikira yani mpunga wopanda mchere uja?"

"Dzulo kunali phokoso?"

"Mvula isanalimbe, inde. Kukangana. Koma m'chilankhulo cha kwawo chija, chothamanga ngati madzi a mu Mudi."

"Ackim amachilankhula."

"Aaa, Ackim amachita chodumphadumpha ngati mwana wophunzira kuyenda. Uyu ankachita chotukwana nacho." Anazindikira kuti wanena zambiri, ndipo anagwira pakamwa. "Che Kalimu, ine ndili ndi ana anayi ku Chinyonga, bambo wawo anatsikira kuli chete. Mukufuna nanenso andipanike zala?"

"Mayi, Lachisanu mnyamata uja amumanga chingwe m'khosi. Munamuona munthuyo?"

"Wallahi, munthu sindinamuone."

Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Ndinaona nsapato. Pamene ndinkathamangira kukaanula zovala, zinali pakhonde, zitayalidwa bwinobwino moyang'ana kunja monga mmene mwiniwake wa nyumba ankafunira. Zofiira, zazingwe. Ndipo masokosi onyowa anali atayanikidwa pathabwa la khonde."

* * *

Dokotala Stafford ankakhala m'nyumba yaikulu kumtunda kwa munda womwewo. Analandira Kalimu ali khale kuseri kwa tebulo, ndipo sanadzuke. Anali wamtali, wa imvi zoyera bwino, wa Chinyanja chofewa chimene anachiphunzira mofulumira monga ankaphunzirira chilankhulo chilichonse.

"Mtima wanga wasweka, Sajeni. Ndinamupulumutsa munthu ameneyo m'manja mwa Ajapani, ndinamudyetsa, ndinamupatsa denga. Ndipo ndi mnyamata amene tinamukhulupirira amene wachita ichi."

"Pepani, bwana. Dzulo munali pakhomo pano?"

"Ndinachoka dzuwa lili paliwombo kupita ku siteshoni ya Limbe. Ndinali ndi katundu wotumiza. Mvula yonse inandipeza kumeneko."

"Katundu wanji, bwana?"

Maso ake obiriwira anakhala pa Kalimu kanthawi.

"Mapepala anga. Kodi Boma layamba kutuma asilikali kudzafunsa azungu za makalata awo?"

Kalimu anapereka sawatcha n'kutuluka chambuyo. Akutseka chitseko anaponya diso pansi pa tebulo, koma nsalu ya patebulopo inafika mpaka pansi.

Pofuna amene anakoka Dokotala dzulo lake, Kalimu anapeza Waziri pamphambano ya pa jinale ya thonje, pamene okoka magaleta ankadikirira anthu. Anali wamfupi, wa minofu ngati mtolo wa zingwe, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka.

"Dokotala wa ku Nyambadwe? Eee, ndine ndinamukoka. Koma za paliwombozo ndi bodza lamkunkhuniza, achimwene. Mvula inali itakata kale, wezulo ya pa jinale pano italira ya folo koloko. Matope mpaka m'mawondo! Ndiye katundu wakeyo, kaphukusi kochepa koma kulemera ngati njerwa. Ndinati, bwana, mwaikamo mwana wa njovu? Sanaseke."

"Ankayenda bwanji?"

"Kuyenda? Ankachita chotsimphina ngati nkhuku yoponda moto. Galeta ikangogunda mwala, iye, uwii! kugwira mwendo wamanzere. Anandimenya ndodo kawiri, onani apa. Titafika ku siteshoni ndinapeza magazi pathabwa lopondapo, akuchita kudontha kuchokera munsapato. Ndinatsuka ndekha."

"Ukanena zimenezi pamaso pa jaji?"

Waziri anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine? Wokoka galeta kutsutsa dokotala wachizungu? A Sajeni, inu mwadya chiyani lero? Jajiyo adzandifunsa kuti wotchi ndinaiona kuti."

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa Kalimu. Anali ndi mawu a mayi wophika, mawu a wokoka galeta ndi maso ake a iye mwini, ndipo zonsezo pamodzi sizikanalemera kuposa chipewa cha Stafford. Bwana Bennet sakanakhulupirira chouzidwa ndi munthu wakuda. Anafunika aone yekha, ndipo kunali kutatsala masiku awiri.

* * *

M'mawa mwake Kalimu anaima njo pamaso pa Bennet, nkhope ataipusitsa dala.

"Bwana, jaji adzafunsa kuti wakubayo anaba chiyani. Mabuku a m'chipinda muja ndi a zilembo zachilendo. Wodziwa kuwerenga ndi Dokotala yekha. Mwina bwana akanawapempha kuti akationetse zimene zasowa."

Bennet anaganiza pang'ono, ndipo posakhalitsa nzeruyo inasanduka yake.

Kalimu anali atadzera kale kwa Binti Abdala. Mayiyo anakolopa matabwa onse kupatula pamene panali phazi lija, pomwe anavundikirapo lichero. Anayala mkeka, nabwezera katebulo kafupi pamalo pake. Anachitanso zimene Ackim anauza Kalimu kuti ndiwo mwambo wa maliro kwa a Paki: mbale ya mpunga woyera, kapu ya madzi ndi lubani wofuka patebulopo. Nsapato zansalu za malemuwo anaziika pakhomo, zitayang'ana kunja. Chipindacho chinkaoneka ngati mwiniwake wangotuluka pang'ono.

Azungu awiriwo anatsika m'munda dzuwa litakwera. Stafford ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, akudandaula za nyamakazi. Nkhope yake inali yotuwa, thukuta lili kamukamu. Koma pakamwa pankagwira ntchito, akumufotokozera Bennet m'Chingerezi za mafumu a ku Koreya ndi za buku lake limene dziko lonse la ophunzira linkaliyembekezera. Bennet anakwera khonde n'kulowa ndi majombo ake, monga mwa masiku onse.

Stafford anafika pakhomo. Fungo la lubani linamupeza, maso ake anagwera pa nsapato zansalu zija, ndipo akulankhulabe, thupi lake linachita zimene linazolowera kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Anawerama. Anamasula zingwe za nsapato yakumanja, naivula, naiika pambali moyang'ana kunja. Anamasula yakumanzere, naikoka mpaka theka.

Pamenepo mawu anamuthera.

Bennet anali atatembenuka, akumuyang'ana. Sokosi yakumanzere inali yakuda ndi magazi ouma kuchidendene, mafinya achikasu atatulukira pamwamba, ndipo fungo lake linagonjetsa lubani.

"Bwana munati mzungu savula nsapato," anatero Kalimu mofatsa, navundukula lichero lija.

Stafford anadzuka ndi nsapato yakumanja m'dzanja n'kumumenya nayo Kalimu pakamwa, chidendene chachitsulo chikutsogola. Dzino linathyoka. Anamenyanso pamphumi, khungu linang'ambika, magazi anatsekereza diso. Kenako inabwera ndodo, pamapewa, pakhutu, pamkono. Kalimu ankadziwa kuti akangobwezera chibakera chimodzi, chingwe cha Lachisanu chikhala cha anthu awiri. Anadzigwetsa pansi ngati wogonja, nakumbatira mwendo wamanzere uja, nakoka.

Dokotalayo anagwa chagada, mutu n'kugunda pakhonde. Kalimu anasolola nsapato, nakoka sokosi, ndipo inatuluka ndi khungu lomwe. Stafford anamuponda kumaso ndi mwendo winawo, kawiri, katatu, koma sajeniyo sanasiye. Anakanikiza chala chake chachikulu pambali pa bala lotupalo ndi mphamvu zake zonse. Mzunguyo anakuwa, osati m'Chingerezi kapena m'Chinyanja, koma m'chilankhulo chothamanga chija, ndipo kuseri kwa nyumba Binti Abdala anagwetsa mbale.

M'mafinyamo munatuluka kachibenthu kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo cha mwana.

Kalimu anakaika m'dzanja la Bennet. Kenako, magazi akuchucha m'kamwa, anakokera phazi loyeralo pafupi ndi chidindo cha pamatabwa. Zala zopanikizana, chachikulu chopindika, pakati posagunda pansi.

"Linali buku langa," anatero Stafford, akupuma mwabefu, maso ali kudenga. "Ndine ndinamupeza. Popanda ine akanafera m'ndende, mapepala ake atawotchedwa. Ndiye iye akuti alembera kalata ku Ulaya kuti ndine mbala? Akuti aponya zonse pamoto? Zaka zanga zonse!"

Bennet anatuluka panja n'kukasanza m'maluwa.

* * *

Musaganize kuti Lachisanu jaji anaona mzungu m'bokosi la oimbidwa mlandu. M'masiku amenewo zoterezo zinali nthano. Anthu anauzidwa kuti Dokotala Stafford wadwala malungo a mu ubongo, ndipo Loweruka anamukweza sitima ya ku Limbe atamufunditsa bulangeti, kuti akapume kwawo. Phukusi lija linali litatsogola kale masiku anayi. Za imfa ya a Paki analemba kuti anaphedwa ndi munthu wosadziwika, ndipo Kalimu anauzidwa kuti akadzatsegula pakamwa adzavula yunifolomu. Zinamukwiyitsa, koma anapirira, chifukwa chimodzi chimene ankafuna anachipeza: Lachinayi madzulo chitseko cha chitokosi chinatseguka, ndipo Ackim anatuluka wamoyo.

A Paki anawaika kumapeto kwa manda, kufupi ndi mpanda, pamalo amene si a azungu, si a Amwenye, si a anthu akuda. Panapita sabata ziwiri Kalimu asanapiteko. Anakapeza Ackim atakhala pansi pambali pa mtumbira, ali ndi thabwa la mlombwa pamiyendo ndi kachitini ka utoto wakuda. Dzanja lamanja linali pachifuwa, litapindika ngati phazi la nkhuku yakufa. Sing'anga wa kuchipatala anali atanena kuti silidzagwiranso cholembera.

"Thabwali likuterereka, a Sajeni. Mungandigwirireko?"

Kalimu anagwada n'kuligwira mbali zonse ziwiri. Ackim anatenga burashi ya a Paki ndi dzanja lamanzere, naiviika mu utoto. Mzere woyamba unapita kumbali, utoto unadontha, ndipo kadiso kamene kanayenera kukhala kozungulira kanatuluka ngati dzira lophwanyika. Analemba magulu atatu a zilembo kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo zinamutengera nthawi imene kale akanakopera masamba anayi.

"Pakuti chiyani pamenepa?" anafunsa Kalimu.

"Dzina lawo." Ackim anayang'ana thabwalo, misozi ikutsikira m'mabala a kumaso. "Buku lija likatuluka ku Ulaya, anthu adzawerenga nyimbo za kwawo, mafumu a kwawo, mawu onse amene ankawasankha usana wonse ngati mayi wosankha mpunga. Dzina lawo simudzakhala. Padziko lonse lapansi lalembedwa pano pokha, a Sajeni, ndipo taonani mmene ndalikhotetsera. Akanandibwezera kuti ndilembenso."

Kalimu sankadziwa kuwerenga chilembo chilichonse, cha kuno kapena cha kutali. Anadikira kuti utoto uume, kenako anakumba kumutu kwa mtumbira ndi mpeni wake, naimika thabwalo, napondaponda dothi ndi phazi lake losavala mpaka linalimba.